Malonjezo a ku Gauteng, South Africa: ife Amalawi osavota tiyembekezere chiyani pa 29 Meyi 2024?

Nabanda (admin, Cosmo City):
Moni nonse pagulu. Kwatsala masiku ochepa kuti eni dziko la South Africa akavote pa 29 Meyi 2024, mapositala ali mbwee pa pholo lililonse. Ndikudziwa ena munena kuti ife sizikutikhudza poti sitivota. Koma amene adzatenge chigawo cha Gauteng ndi amene adzayendetse makiliniki amene timakafolako ndi masukulu a ana athu, ndiponso ma warden aja a yunifomu yobiriwira amatiimitsa mumsewu ndi ake. Ndiye tiyeni tikambirane zomwe akulonjeza. Kutukwana ayi, ndipo ma voice note osadziwika kochokera ndizifufuta.

Che Mayfair:
Anti, a ANC akuti mwayi wa ntchito 2.5 miliyoni pa zaka zisanu. A DA akuti ntchito 2 miliyoni. Ife za ntchito 1 miliyoni tinazimva kale kumudzi mu 2020, ndipo theka la gulu lino linakwera basi ya ku Joni pambuyo pa lonjezo limenelo. Ine ndingowerenga zanu.

Aphunzitsi (Kempton Park):
Che Mayfair musathawe msanga. Choyamba tisiyanitse zinthu, chifukwa andale akuzisakaniza dala. Chaka chino wovota alandira mapepala atatu, ndipo limodzi ndi la nyumba ya malamulo ya chigawo. Ya Gauteng tsopano ikhala ndi mipando 80, kale inali 73. Premier, mtsogoleri wa chigawo, savoteredwa mwachindunji, amasankhidwa ndi aphungu 80 amenewo. A ANC mtsogoleri wawo kuno ndi Panyaza Lesufi, amene ali pampando kuyambira Okutobala 2022 atachoka David Makhura. A DA aimika Solly Msimanga, a ActionSA aimika Funzi Ngobeni.

Tsono chigawo chili ndi mphamvu pa zipatala, masukulu ndi kumanga nyumba. Apolisi a SAPS ndi a boma lalikulu. Za mapemiti ndi kudipota anthu ndi za Home Affairs, boma lalikulunso. Madzi, zinyalala ndi kuyendera mabilidingi ndi za khonsolo, ndipo makhonsolo sakuvoteredwa chaka chino. Mukamva wina wofuna u Premier akulumbira kuti atseka malire, dziwani kuti makiyi a chipata cha m'malire cha Beitbridge sadzakhala m'thumba mwake.

Nachisale (Soweto):
Aphunzitsi mwafotokoza bwino. Ine ndiyambire pa nyumba, poti ndili pabanja ndi mwini dziko ndipo ndimazionera mkati. Apongozi anga aakazi analembetsa nyumba ya RDP, zaulere za boma zija, kalekale, kapepala kake kanachita kuyera m'mapindo, amakasunga m'Baibulo. Mpaka lero akukhala m'chipinda cha kuseri kwa achemwali awo. M'kaundula wa odikira nyumba kuno ku Gauteng muli mayina oposa 1 miliyoni. Ndiye akamva pa msonkhano kuti nyumba zawo zinatengedwa ndi obwera, mtima umawawa ndithu, ngakhale ine mpongozi wawo amandikonda.

Mjomba wa ku Mangochi:
Koma achemwali, Mmalawi angapeze bwanji RDP? Pamafunika ID ya kuno, komanso banja lisamapeze ndalama zoposa R3,500 pamwezi. Mukaona wakwathu ali mu RDP ndiye kuti akuchita lendi kwa mwini wake, kapena wina wa mu ofesi anagulitsa mwachinyengo. Wogulitsayo ali ndi ID ndipo akavota.

Nachisale (Soweto):
Zimenezo ndimawauza, Mjomba. Amangoti eya, koma mawa lake abwereza zomwezo.

Bambo a Tadala (Diepsloot):
Chimene andale satchula n'chakuti lendi yathu ndi imene ikudyetsa mabanja ambiri m'malokeshoni. Pa yadi imene ndimakhala pali mikhukhu isanu ndi umodzi kuseri kwa nyumba ya mastandi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Gogo wake alibe ntchito, amadalira penshoni ndi ife. Tsiku lina kutabwera anyamata ofunsa mapepala, anatuluka yekha ndi tsache n'kuwathamangitsa pageti. Sikuti amatikonda kwambiri ayi, amawerenga mutu uliwonse pa 1 koloko ya mwezi... ndikutanthauza pa 1 pamwezi, foni yandilembera zake.

Che Mayfair:
Hahaha madala, lendi ya pa 1 koloko ndiye yoopsa.

Mlongo wa mu Town:
Ine zoseka pa nkhani ya nyumba zimandivuta. Pa 31 Ogasiti 2023 bilidingi ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali akwathu ambiri komanso ena a ku Tanzania. Bilidingi imeneyo ndi ya khonsolo ya Johannesburg. Lesufi anakhazikitsa komishoni ya Jaji Sisi Khampepe, ndipo lipoti latuluka kumayambiriro kwa mwezi uno likuti khonsolo ili ndi mlandu chifukwa inkadziwa mmene zinthu zinalili koma sinachitepo kanthu. Opulumuka ena anakawaika m'mikhukhu ya malata ku Denver, ena anathera ku Lindela, kosungira anthu oti adipotedwe.

Ndikuuzeni mmene tikukhalira ena, dzina la bilidingi sinditchula. Holo imodzi anaigawa ndi mabolodi ndi makatani kukhala tizipinda khumi ndi tiwiri. Magetsi ndi mawaya ongokolowekakoloweka, ukaphika pa stovu woyandikana naye foni yake imasiya kutchaja. Usiku geti ya pansi amakhoma ndi tcheni kuopa akuba, kiyi amasunga munthu mmodzi. Masitepe othawira moto anthu anamangamo zipinda. Lendi timapereka kwa anyamata ena amene risiti sadziwa n'komwe. Chipani chilichonse chikuti chilanda mabilidingi oterewa n'kuwakonza. Chabwino, akonze. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wanena kuti ife tili mkatimu tidzagona kuti tsiku limenelo.

Aphunzitsi (Kempton Park):
Pepani mlongo. Funso lanulo ndi lenileni. Herman Mashaba wa ActionSA anali meya wa Johannesburg kuyambira 2016 mpaka 2019, ndipo mfundo yake inali yomweyi, kupereka mabilidingi kwa makampani kuti awakonze akhale nyumba za lendi yotsika. Nthawi yake kunachitika zipikisheni zambiri m'mabilidingi a mu town, ndipo makhoti anadzagamula kuti kusecha m'nyumba za anthu popanda waranti kuja kunali kosemphana ndi malamulo a dziko. Komanso lamulo la kuno limati khonsolo ikamachotsa anthu amene alibe kolowera iyenera kuwapezera pogona pongoyembekezera. Apa ndi pamene zimaima, chifukwa malo oterowo ndi ochepa. Wolonjeza kuti ayeretsa town m'miyezi yochepa ayambe watiuza za pogona pamenepo.

Mlongo wa mu Town:
Ndipo bilidingi ikakonzedwa amafuna payslip, bank statement ndi ID kapena pemiti. Wa maganyu ngati ine ndatuluka kale pamenepo.

Nabanda (admin, Cosmo City):
Tipite ku zaumoyo, ndaona Mayi a Yankho akulemba n'kufufuta, akulemba n'kufufuta.

Mayi a Yankho (Midrand):
Ndimafuna ndilembe bwinobwino anti, poti nkhaniyi ikusokoneza anthu. Ine ndimasamalira okalamba m'nyumba za mabwana ndiye za zipatala ndimazitsata. Pa 15 Meyi Pulezidenti Ramaphosa wasayina lamulo la NHI, lokhazikitsa thumba la boma lolipirira anthu kuchipatala, masabata awiri okha chisankho chisanachitike. Pa kampeni a ANC akulinena ngati kuti mawa lomwe munthu adzalowa chipatala cha private n'kutuluka osalipira. Lesufi mu Febuluwale anafika ponena kuti chigawo chigula zipatala za private 18. Koma thumba la ndalamalo silinakhazikitsidwe, ntchito yake idzatenga zaka, ndipo a DA ndi mabungwe ena anena kale kuti akalitsutsa kukhoti.

Tsono mbali yathu nayi. Lamuloli likuti thumbalo lidzalipirira nzika, okhala ndi permanent residence, othawa kwawo amene anavomerezedwa kale, ndi akaidi. Wa asayilamu amene akudikira yankho komanso wopanda mapepala adzathandizidwa pa ngozi zadzidzidzi ndi pa matenda ofalikira amene boma limayenera kudziwitsidwa, monga TB. Ana onse, kaya makolo ali ndi mapepala kaya alibe, ali ndi ufulu wa chithandizo choyambirira. Ndiye mayi wa BP kapena shuga wopanda pemiti, pa NHI palibe chake.

Mjomba wa ku Mangochi:
Ndiye kuti panopa zili bwinoko kusiyana ndi zimene zikubwerazo?

Mayi a Yankho (Midrand):
Pa pepala inde. Panopa kiliniki ya boma imayenera kuthandiza aliyense. Ndipo amayi apagulu pano sungani ichi: mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg, pa mlandu umene anabweretsa a bungwe la zaufulu la SECTION27, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Linalamulanso kuti zipatala zipachike zikwangwani zonena zimenezi.

Koma pepala ndi pawindo n'zosiyana. Ndinaperekeza mtsikana wina wa kwathu ku Ntcheu ku chipatala china, mimba ya miyezi isanu ndi itatu, miyendo itatupa. Kalaliki anangoyang'ana pasipoti n'kunena kuti alipire kaye ndiye atsegule fayilo. Chikwangwani chija chinali pakhoma kumbuyo kwake komweko. Ndinachiloza ndi chala osayankhula kanthu. Anapumira m'mwamba, n'kutulutsa fayilo. Tikanakhala kuti sitikudziwa tikanabwerera.

Nachisale (Soweto):
Komatu tinene zoona, mizere ndi yaitali ndipo manesi ndi ochepa. Apongozi anga amadzuka 4 koloko kukatenga mankhwala a BP. Akaona theka la mzere likuyankhula zilankhulo zina, a Operation Dudula, gulu lothamangitsa obwera, akabwera pageti amawaombera m'manja. Sindikuvomereza, ndikungonena mmene zilili.

Aphunzitsi (Kempton Park):
Achemwali, mzerewo ndi woona, koma apongozi akafunse kumene ndalama zinapita. Babita Deokaran anali mkulu woona za ndalama mu dipatimenti ya zaumoyo ya Gauteng. Anaona malipiro okayikitsa a ndalama pafupifupi R850 miliyoni pa Tembisa Hospital, anachenjeza akuluakulu, ndipo pa 23 Ogasiti 2021 anamuwombera pakhomo pake atangosiya mwana kusukulu. Kumbukaninso nkhani ya zipatala za Life Esidimeni, odwala matenda a maganizo 144 anafa atawasamutsira ku mabungwe opanda ziphaso zoyenera pofuna kupulumutsa ndalama. Chipatala cha Charlotte Maxeke chinapsa mu Epulo 2021 ndipo kukonza kwake kwakhala kukukoka miyendo. Zonsezi ndi za boma la chigawo, lomwe akulivotera pa 29 lino. Pa zitatuzi palibe Mmalawi kapena Mzimbabwe anasayina cheke. Ine chipani chimene chikanati tidzateteza oulula zakuba ndipo ma tender a zipatala adzakhala poyera, n'kuonetsa mmene chidzachitire, ndikanachimvera kuposa cha zipatala 18.

Che Mayfair:
Aphunzitsi mukanakhala ndi ID tikanakuimikani ku Kempton.

Aphunzitsi (Kempton Park):
Ndili pa geti ya fakitale usiku uno achimwene, kampeni ndichitira pano.

Kamnyamata ka ku Tembisa:
Akuluakulu ndilowepo pa za ntchito. Ine anzanga ambiri ndi a konkuno ndipo Nasi iSpani, pulogalamu ya chigawo yolemba achinyamata ntchito, si nthano ayi. Lesufi anaiyambitsa mu Juni 2023, anthu anafola m'masitediyamu kukalandira makalata a ntchito. Mnzanga amene tinkamenya naye mpira pano ndi warden, wina akuthandiza aphunzitsi pa sukulu ya pulayimale. Anyamata amene ankangokhala pakona pano amadzuka m'mawa. Zimenezo n'zoipa?

Nachisale (Soweto):
Mwana wa alamu anga nayenso ndi warden. Kunyumba kwawo ndi yekhayo amene amalandira kanthu pakutha pa mwezi. Voti ya nyumba imeneyo musafunse n'komwe.

Bambo a Tadala (Diepsloot):
Palibe akuti n'zoipa mphwanga. Funso n'lakuti zambiri mwa ntchitozo ndi za kontrakiti yaifupi, ndipo zabwera chisankho chili pafupi. Ndalama zake zikuchokera mu bajeti ya chigawo, yomwenso iyenera kulipira 30 peresenti ya ngongole ya e-toll, ndalama zolipirira misewu ikuluikulu zija. Mwaona ma e-toll anawazimitsa pa 11 Epulo, anthu atakana kulipira kwa zaka khumi. Magetsi nawo sanazime kuyambira kumapeto kwa Malichi. Zonse zabwino zachitikira mwezi umodzi ngati mkamwini amene wamva kuti apongozi akubwera. Tidzaonane mu Ogasiti ngati mnzakoyo adzakhale akulandirabe.

Mjomba wa ku Mangochi:
Chiwerengero chatuluka mu Meyi 2024 uno chikuti ulova uli pa 32.9 peresenti dziko lonse. Munthu mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito. Pamenepo wandale asankha chophweka: kumanga mafakitale kapena kuloza ife? Gayton McKenzie wa chipani cha PA nyimbo yake ndi Abahambe basi, kutanthauza kuti obwera azipita. ActionSA nayo nkhani yake ndi ya obwera opanda mapepala. Ngakhale boma lomweli lili ndi ndondomeko yofuna kuika malire a chiwerengero cha obwera m'ntchito za kumunda, zomangamanga ndi malesitilanti. Ndiye kumene kuli ife kumeneko.

Mayi a Yankho (Midrand):
Koma mabwana amatifuniranji? Malipiro otsikitsitsa mwalamulo anafika pa R27.58 pa ola pa 1 Malichi 2024, ndipo wantchito wa m'nyumba ndi wa m'gadeni ali momwemo. Ndani pagulu pano amene amalandira zimenezo pa ganyu? Bwana amadziwa kuti wopanda pepala sakadandaula, pamene CCMA, ofesi yomva milandu ya pantchito, imamva dandaulo la wantchito ngakhale alibe pemiti. Akanati agwire mabwana olipira pansi pa lamulo, phindu lolemba ife m'malo mwa eni dziko likanachepa, ndipo chidani chikanachepako. Koma mabwana amavota, enanso amathandiza zipani ndi ndalama.

Mlongo wa mu Town:
Onani za ku George pa 6 Meyi. Bilidingi yosatha kumanga inagwa, anthu 34 anafa, akwathu ali momwemo pamodzi ndi a ku Mozambique, Zimbabwe ndi Lesotho. Uko ndi ku Western Cape kumene ikulamulira DA, Usindiso ndi kuno. Ndiye ine musandiuze kuti mtundu wa t-shirt ndi umene umapulumutsa.

Kamnyamata ka ku Tembisa:
Nanga chitetezo? Kwathu kuno ma warden atayamba kuyenda usiku, zolanda mafoni pa siteshoni zinachepako. Ndikunena zimene ndaona.

Aphunzitsi (Kempton Park):
Mwina kwanuko zinathandizadi. Koma taonani mmene zinayambira. Chigawo chilibe mphamvu yokhazikitsa apolisi akeake. Lesufi analemba anthu pafupifupi 6,000 mu 2023, maphunziro a miyezi itatu, n'kuwapatsa magalimoto a BMW, anthu n'kuwatcha amaPanyaza. Anayamba ntchito asanapatsidwe mphamvu zomanga munthu mwalamulo, mpaka mu Disembala pamene nduna ya zachilungamo Ronald Lamola inati akhale ndi mphamvu ngati za apolisi a pamsewu a chigawo. Pamwamba pa izo akulonjeza makamera, ma drone, ndege za helikopita ndi ma panic button a pafoni. A DA akuti mphamvu za apolisi zitsike kuchoka ku Pretoria zibwere ku zigawo, ndipo amaloza ma LEAP officer, achitetezo awo a ku Cape Town. Koma zimenezo zimafuna boma lalikulu livomere. Msimanga atakhala Premier mawa sangalamule SAPS.

Ndipo kumanga munthu ndi chiyambi chabe. Pamafunika wofufuza, docket isasowe, mboni isaopsezedwe, khoti ligamule. Warden sachita zimenezo.

Che Mayfair:
Ine vuto langa ndi losavuta. Aliyense akulonjeza mayunifomu ambiri mumsewu. Kwa mwini dziko ndi chitetezo. Kwa ine yunifomu iliyonse yowonjezera ndi dzanja lina lofuna ya cold drink. Lachisanu lina ndikuchokera ku mzikiti, a yunifomu ena anandiimitsa, pasipoti ndinali nayo, masiku anga 30 anali asanathe. Mmodzi anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti chidindo chikuoneka chabodza, tikafotokozere kutsogolo. Anandikweza mu van, tinazungulira ma block angapo, mpaka ndinatulutsa R200 ya mu sokosi. Ananditsitsa pa robot, pasipoti anaiponya pawindo. Mwezi womwewo shopu ya m'bale wanga anathyola, tinaimba foni, anafika mawa lake masana.

Bambo a Tadala (Diepsloot):
Kuno ku Diepsloot mu Epulo 2022 anthu atakwiya ndi umbanda anayenda khomo ndi khomo kufunsa mapasipoti, ndipo bambo wina wa ku Zimbabwe anaphedwa n'kutenthedwa. Nduna zinabwera, apolisi anadzaza kwa masabata angapo, kenako anachoka. Chaka chatha anthu anatsekanso misewu pa nkhani yomweyo. Eni dziko kuno akuvutikadi ndi zigawenga, ifenso zimatibera zomwezo, mwinanso kuposa chifukwa amadziwa kuti ndalama timasunga m'nyumba ndipo kupolisi timaopa kupitako. Wandale amene angapangitse kuti wobwera akathe kukanena mlandu osaopa kumangidwa iyeyo, ameneyo wathandiza ndi eni dziko omwe. Pa mapositala onsewa sindinamuone.

Nachisale (Soweto):
Amuna anga akuti ulendo uno ANC yokha sikwanitsa theka kuno. Mu 2019 inangodutsa pang'ono 50 peresenti ku Gauteng, ndipo pano kwabwera chipani cha MK cha Zuma. Ndiye kudzakhala mgwirizano.

Aphunzitsi (Kempton Park):
Ndipo apo ndi pamene manifesito amathera. Onani khonsolo ya Johannesburg chichitikireni chisankho cha 2021, mameya akhala akusinthanasinthana, mpaka mpando unapita kwa Al Jama-ah, chipani cha makhansala atatu okha mwa 270. Mu mgwirizano kachipani kakang'ono kamatha kupempha dipatimenti imene kakufuna. Ife tiyang'anitsitse amene adzatenge zaumoyo ndi amene adzatenge community safety. Dzina la Premier lidzamveka kwambiri pa wailesi, koma pawindo la kiliniki padzafika malangizo a MEC, nduna ya chigawo.

Kamnyamata ka ku Tembisa:
Ndiye mukuti anzanga ndiwauze avotere ndani?

Mjomba wa ku Mangochi:
Usawauze kanthu mphwanga, angadzati obwera ayamba kulowerera chisankho. Ungowafunsa kuti kontrakiti yawo ikutha liti.

Nabanda (admin, Cosmo City):
Zikomo nonse, palibe amene ndamufufuta lero, n'zachilendo. Zofunika zingapo. Pa 29 Meyi ndi holide ya boma, ndiye amene bwana akuuzani kuti mubwere kuntchito, lamulo limati tsiku lotero malipiro ake ndi owirikiza kawiri, funsani mwaulemu koma funsani. T-shirt ya chipani chilichonse musavale, ngakhale yaulere, ngakhale yogonera. Masiku oyembekezera zotsatira amene muli ndi mashopu m'malokeshoni musadzaze katundu wambiri. Mayi a Yankho, chonde jambulani chikwangwani chija mukapitanso kuchipatala muike pano, amayi oyembekezera akhale nacho mufoni.

Mayi a Yankho (Midrand):
Ndili nacho kale anti, nditumiza ndikaweruka. Che Mayfair, inunso chisungeni, tamva kuti kunyumba kwanu zinthu zili panjira.

Che Mayfair:
Gulu ili lilibe chinsinsi. Tumizani.